Kuchokera pa Lamya ya Waya Kufika pa Intaneti: Mbiri ya Mauthenga ku Chileka ndi Lirangwe

Chileka ndi Lirangwe ndi madera amene mauthenga akhala akudutsamo kwa zaka zoposa 100, koma nthawi zambiri amangodutsa osaima pakhomo pa mlimi. Positi ya boma la atsamunda itayamba mu 1891, makalata ankayenda pamutu pa amuna oyenda pansi, amene ankalandirana matumba usana ndi usiku. M'zaka zomwezo kampani ya Cecil Rhodes, African Transcontinental Telegraph Company, inamanga waya wa lamya wolumikiza Blantyre ndi Salisbury kudzera ku Tete. Wayayo ankatumikira boma, amalonda ndi amishoni. Munthu wamba ankamvabe nkhani kwa wapaulendo, kumsika kapena pabwalo la mfumu.

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 inapitirira mpaka ku Salima, kudutsa pa siteshoni ya Lirangwe. Bwalo la ndege la Chileka ndilo linali khomo lalikulu la dziko lino mpaka pamene la Kamuzu linatsegulidwa ku Lilongwe. Pa 6 Julayi 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pabwaloli, ndipo khamu limene linamulandira linasonkhana chifukwa cha uthenga wa pakamwa ndi wa nthambi za chipani, popeza lamya m'midzi munalibe. Chimene chinaloŵadi m'nyumba ndi wailesi ya mabatire, makamaka MBC itakhazikitsidwa mu 1964. Mauthenga a maliro ndi a odwala ankamveka pamenepo, ndipo abambo a ku Joni ndi ku Halale ankadalira kalata ndi telegalamu ya ku positi ofesi.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi foni zam'manja. TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, ndipo Celtel yomweyo inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Lamulo la zamauthenga la 1998 linabala bungwe loyang'anira zamauthenga la MACRA. Intaneti yogulitsa kwa anthu inayamba mu 1997 ndi kampani ya MalawiNet, koma inkadalira lamya ya waya, imene kunja kwa tauni inali yosoŵa. Apa ndi pamene panachokera vuto limene likuonekabe lero. M'maiko ena intaneti ya panyumba inayenda m'mawaya akale a lamya. Ku Lirangwe mawayawo sanafike m'makomo, choncho dera lonse linalumpha sitepe imeneyi n'kugwera pa foni yokha.

N'chifukwa chake "intaneti ya panyumba" m'maderaŵa imatanthauza foni imodzi, bandulo yogula ndi mayunitsi, ndi nsanja ya netiweki imene anthu mazanamazana akuigaŵana. Nsanja imakhala ndi malire a zimene inganyamule. Madzulo, aliyense akaŵeruka n'kutsegula WhatsApp ndi Facebook, gawo la munthu mmodzi limachepa, kanema amaima pakati, ndipo anthu amati netiweki yavuta. M'mbali mwa msewu wa M1, pa Lunzu ndi pa Lirangwe, imagwira bwinoko. Munthu akaloŵa mkati, kuseri kwa phiri kapena m'chigwa, amachita kukwera pachulu kuti uthenga upite. Mwana wa sukulu amene akufuna kutsitsa buku ndi mayi amene akudikira ndalama kuchokera ku Johannesburg ndiwo amamva kuŵaŵa kwake.

Chifukwa china chimene intaneti imavutira n'chakuti Malawi alibe gombe. Mawaya a pansi pa nyanja, SEACOM wa 2009 ndi EASSy wa 2010, amatulukira ku Maputo ndi ku Dar es Salaam, ndipo dziko lino limalipira kuti lilumikizidwe kudzera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Mu Meyi 2024 mawaya aŵiriŵa ataduka, intaneti inafooka m'maiko angapo a kuno, Malawi ali momwemo. Mtengo nawo unakwera pamene boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pafoni mu 2015, ndipo mu 2020 anthu anadandaula poyera pansi pa mfuu ya #DataMustFall.

Zonsezi zimadaliranso magetsi a mumtsinje wa Shire, a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka, ndipo kuthimathima kunatha chaka ndi miyezi. Nsanja zinkayendera majenereta, anthu n'kumatchajitsa foni pamalo a sola. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mapolo ndi milatho m'chigawo cha kummwera, ndipo mabanja ambiri anakhala masiku osadziŵa ngati abale awo ku Chilobwe ali moyo. Chaka chomwecho kampani ya Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno. Mbale yake imalandira intaneti kuchokera kumlengalenga popanda nsanja kapena waya, koma mtengo wa zipangizo ndi malipiro a pamwezi zimaisiya m'manja mwa mabungwe, masukulu ena ndi mabanja opeza bwino.