Nyemba zakuda: kaphikidwe kosatha nkhuni ndi njira zodyera

Nyemba zakuda, zomwe pa Chipwitikizi amati feijão preto, ndi mtundu umodzi ndi nyemba zofiira komanso za manteiga zomwe alimi a m'chigawo cha Tete amazidziwa bwino. Nyemba zonsezi zinachokera ku America, ndipo zinafika mu Africa kudzera pa malonda a panyanja chaka cha 1500 chitadutsa. Ku Brazil nyemba zakuda ndizo amaphikira feijoada.

Kwa mabanja a m'boma la Marávia, kuyambira ku Fingoé mpaka kumidzi ya m'malire ndi Zambia, nyemba ndi ndiwo yodalirika nyama kapena nsomba za ku Cahora Bassa zikasowa. Magalamu 100 a nyemba zouma amakhala ndi magalamu pafupifupi 21 a zakudya zomanga thupi, komanso ayironi amene amathandiza kuti magazi asachepe. Vuto lake n'lakuti zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni. Mankhwala a vutoli ndi kuviika.

Kukonza ndi kuwiritsa

Makapu 2 a nyemba zouma amakwanira anthu 5 kapena 6. Wophika amayamba wasankha, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, kenako n'kutsuka. Amaziviika m'madzi ambiri usiku wonse, maola 8 mpaka 12. M'mawa madziwo amatayidwa, n'kuthira ena oti amize nyembazo ndithu.

Nyemba ziyenera kubwata kwambiri kwa mphindi 10 zoyambirira, chifukwa zosapsa bwino zimapweteka m'mimba. Zikatero moto uchepetsedwe, mphika uvundikiridwe. Zoviika zimapsa pa ola limodzi kapena ola ndi theka, pamene zosaviika zimatha maola 2 kapena kuposerapo. Madzi akachepa, owonjezera akhale otentha. Nyemba zagonera chaka zimalimba kuposa zatsopano. Ena amathira soda kuti zifewe msanga, koma soda amawononga mavitamini ena.

Kukometsera

Matimati asathiridwe nyemba zisanafewe, chifukwa kuwawasa kwake kumazilimbitsa. Mu mphika wina mukazingidwe anyezi mmodzi ndi adyo wosinja m'masupuni 2 a mafuta, kenako matimati 2, mchere ndi tsabola pang'ono. Amene ali ndi tsamba la louro atha kuponyamo. Chipande chimodzi cha nyemba zakupsa chiphwanyidwe ndi mthiko m'zokazingazo, zonse zithiridwe mu mphika wa nyemba, zibwate mphindi 15. Msuzi umakhala wakuda ndi wokhuthala.

Njira zodyera

Mphika umodzi umatha kudyedwa mosiyanasiyana. Masana nyembazi zimayenda ndi nsima, madzulo ndi mpunga. Zimakomanso ndi chinangwa kapena mbatata yophika. Zopota bwino zimapakidwa pa buledi wa ana opita kusukulu, ndipo zosefa zimasakanizidwa m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Kanyama kouma kapena masamba a khwanya ndi nkhwani zimawonjezera kukoma. Kufinyira ndimu pa mbale kumathandiza thupi kulandira ayironi, pamene tiyi womwa nthawi yomweyo amalepheretsa.

Kusunga

Nyemba zophika sizichedwa kusasa, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Pakhomo popanda firiji ndi bwino kuphika zokwanira tsiku limodzi, ndipo zotsala zibwatitsidwenso zisanadyedwe. Zikayamba thovu kapena fungo lowawasa zitayidwe.

Zouma ziyanikidwe mpaka zizilira zikalumidwa, kenako zisungidwe m'chigubu chotseka bwino kuti anankafumbwe asalowe. Mbewu ya chaka chamawa isungidwe payokha. Kumunda nyemba zimabzalidwa pakati pa chimanga kapena kudimba, ndipo mizu yake imathandiza kubwezera chonde m'nthaka.