Overdrive, Mawaya ndi Masipeya: Mbiri ya Kukonza Galimoto Zakale ku Chiradzulu

Ntchito ya umakaniko m'boma la Chiradzulu inakula motsatira misewu ikuluikulu iwiri. Woyamba ndi wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, umene unalambulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 ndipo umadutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi. Wachiwiri ndi wa Midima, wochoka ku Limbe kulowera ku Mulanje, umene umadutsa chakumwera, kufupi ndi Nguludi. Misewu yonseyi imakumana ku Limbe, kumene njanji inafika mu 1908 ndipo malonda anachuluka. Kuyandikana ndi Limbe ndiko kunaumba ntchitoyi: makaniko wa ku Chiradzulu amafufuza vuto pansi pa mtengo kapena m'kagalaja ka malata, koma chitsulo chofunikacho chimakagulidwa m'tauni. Akaphonya vuto, mwini galimoto amaluza pawiri, ndalama ya sipeya ndi ya ulendo.

Galimoto zoyamba kuderali zinali za boma la atsamunda, za mamishoni ndi za eni minda ikuluikulu monga ya A. L. Bruce ku Magomero. Anthu akuda ankaphunzira ntchitoyi poyamba ndi kupatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali ena a King's African Rifles anabwerako akudziwa kuyendetsa ndi kukonza malole, ndipo m'zaka zotsatira Bedford ndi Land Rover zinayamba kuoneka kawirikawiri. Magetsi a galimoto za nthawiyo anali ochepa: batire, dayinamo, koyilo, mapointi ndi nyali. Munthu wodekha ankatha kulondola waya uliwonse ndi chala kuchokera pamene wayambira mpaka pamene wathera.

Chimodzi mwa zida zoyamba kuphatikiza magetsi ndi magiya chinali overdrive. Iyi ndi giya yowonjezera imene imachititsa kuti shafiti yopita ku matayala izungulire mofulumira kuposa injini, kotero kuti pa msewu wautali injini imapuma, phokoso limachepa ndipo mafuta amapulumuka. Ku America, kampani ya Borg-Warner inayamba kupanga overdrive m'ma 1930. Ku Britain, kumene kunkachokera galimoto zambiri za ku Nyasaland, yotchuka inali ya Laycock de Normanville, yopangidwa ku Sheffield, imene inkamangidwa kumbuyo kwa giyabokosi ya galimoto monga Standard Vanguard, Triumph, MG ndi Volvo. Dalaivala ankangokhudza kaswitchi, magetsi n'kudutsa pa relay kukafika pa solenoid, solenoid n'kutsegula valavu, ndipo mphamvu ya oyilo inkalowetsa giyayo.

Zolakwika zake zambiri zinali za magetsi, ndipo amisiri anazolowera kuziyesa mwa dongosolo. Injini ili chozima koma kiyi atatsegula, giya ili pa folo, munthu ankakhudza switchi uku mnzake atatchera khutu pansi pa galimoto. Solenoid yamoyo imalira kuti "tha!" Ikakhala chete, ankatenga babu lomangirira mawaya awiri n'kumayesa malo ndi malo: pa fyuzi, pa switchi, pa relay, kenako pa kaswitchi kena kokhala pamwamba pa giyabokosi, kamene ntchito yake ndi kuletsa overdrive kulowa pa magiya otsika ndi pa rivesi. Kaswitchi kameneka kanali kovuta kukafikira, ndipo ena ankangolumikiza mawaya ake kuti akalambalale. Kuchita zimenezi kunali kuwononga chuma dala, chifukwa galimoto ikabwerera m'mbuyo overdrive ili yolowa, zitsulo za mkati zimaphwanyika nthawi yomweyo. Ma solenoid akale analinso ndi makoyilo awiri, ina yokoka ndi mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa, ina yongogwirizira. Mapointi osiyanitsa makoyilowo akamatirira, solenoid inkapsa, ndipo yatsopano inali yochita kuitanitsa kunja.

Galimoto zotere sizinali zambiri kumidzi. Eni Land Rover amene ankafuna overdrive, kuyambira m'ma 1970, ankamangitsa ya Fairey, yolowetsa ndi ndodo, yopanda waya ngakhale umodzi. Kenako magiyabokosi a magiya asanu atafala, overdrive yochita kumangirira inatha ntchito. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, galimoto zimene zinkanyamula anthu, nandolo, tomato ndi mbatata kuchoka ku Namitambo, ku Thumbwe ndi ku Milepa kupita kumisika ya m'tauni zinali mapikapu a matola monga Peugeot 404, Datsun ndi Toyota. Mavuto ake anali masipuling'i othyoka, kabuleta yodzaza fumbi ndi mabuleki. Makaniko ambiri a m'badwo umenewo anakalamba asanakhudzepo solenoid ya giyabokosi.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1994, malonda atamasuka ndipo galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zitayamba kulowa mwaunyinji kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Popeza Japan ndi Malawi onse amayenda kumanzere kwa msewu, galimotozi sizinkafuna kusintha chiwongolero. Zambiri zinali za otomatiki, ndipo overdrive inabwerera m'dziko muno ili mkati mwa giyabokosi, ngati giya yachinayi. Pa ndodo ya giya pali kabatani kolembedwa O/D, ndipo pa dashibodi pamayaka mawu oti O/D OFF dalaivala akaizimitsa. Kabataniko n'kothandiza pa zitunda ndi pa mitsetse ya kufupi ndi phiri la Chiradzulu, chifukwa galimoto yodzaza imaleka kusinthasintha magiya, ndipo potsika injini imathandiza mabuleki.

Nyaliyo ikayamba kuphethira yokha, ndiye kuti kompyuta ya giyabokosi yaona vuto. Pa Toyota zambiri za m'ma 1990, monga Corolla ndi Hiace, mmisiri safuna makina kuti alimve. Amatsegula kabokosi koyesera kamene kali pafupi ndi injini, n'kulumikiza mabowo awiri olembedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya kakafupi, kenako amatsegula kiyi n'kuwerenga kuphethira kwa nyali. Ikaphethira kanayi, n'kupumira, n'kuphethiranso kawiri, nambala ndi 42, kutanthauza sensa ya liwiro. Nambala 62 ndi 63 zimaloza ma solenoid osinthira magiya, ndipo 64 imaloza solenoid ya lock-up. Komabe nambala imangonena dera limene muli vuto, osati chitsulo chimene chafa. Kawirikawiri wolakwa amakhala waya wodyedwa ndi makoswe galimoto itagona pafupi ndi nkhokwe, pulagi yolowa matope nyengo ya dzinja, kapena waya wa earth wochita dzimbiri. Mmisiri wabwino amayamba wayesa zimenezi ndi mita asanatume munthu ku Limbe.

Pali vuto lina limene amisiri amadzipangira okha, ndipo n'lomvetsa chisoni chifukwa lawonongetsa anthu ndalama zambiri popanda chifukwa. Kwa zaka zambiri pakhala chizolowezi chochotsa thermostat m'galimoto yongofika kumene, poganiza kuti chidacho n'cha mayiko ozizira. Koma kompyuta ya galimoto zambiri za otomatiki simalola overdrive kulowa madzi a mu injini asanatenthe mokwanira. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta mapiri a kuderali, galimoto yopanda thermostat imatha kuchoka pa Namadzi mpaka pa Njuli ili pa giya yachitatu, ikulira ndi kumwa mafuta. Mwini wake amauzidwa kuti giyabokosi yatha, pamene chofunika ndi kachida kotsika mtengo kamene kanatayidwa dala.

Chitsulo chikafadi, ulendo wofunafuna umayamba. Wotumidwa amanyamula chakufacho m'jumbo, chifukwa dzina la galimoto palokha silikwanira: galimoto ziwiri zofanana kunja zimatha kukhala ndi magiyabokosi osiyana, ndipo pulagi ya mapini awiri silowa pa ya mapini atatu. Amayamba ndi mashopu a ku Limbe, akalephera amapita kumsika wa Ndirande, kumene galimoto zangozi ndi zotha ntchito zimaphwasulidwa n'kugulitsidwa chiwalo chiwalo. Kumeneko solenoid imayesedwa pa batire wogula akuona, ndipo ikalira mtengo umakambidwa. Zikakanika konseko, uthenga umapita kwa achibale a ku Johannesburg kuti atumize pa basi, kapena kwa amalonda opita ku Dar es Salaam ndi ku Dubai. Masiku ano chithunzi cha nambala yolembedwa pa giyabokosi chimatsogola pa WhatsApp, ndipo izi zachepetsa kugula zinthu zosalowa.

Mtengo wa masipeya umatsatira ndalama zakunja. Kwacha itagwa mu May 2012, mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mashelefu ena anakhala opanda kanthu ndipo zotsalazo zinakwera. Nthawi zotere amisiri amatsuka ma solenoid akale, amalumikiza mawaya oduka m'malo mogula mtolo wonse, ndipo eni minibasi ena amachotseratu giyabokosi ya otomatiki n'kuikamo ya manual.

Galimoto zimene zikubwera tsopano, monga Sienta zonyamula anthu m'misewu ya m'bomali, zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, yopanda kabatani ka O/D, ndipo zolakwika zake zimawerengedwa ndi makina olumikiza pansi pa chiwongolero. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndi makoleji monga Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba amaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja, koma amisiri ambiri a m'misika ya ku Chiradzulu amaphunzirabe ntchitoyi pagalaja, pansi pa bwana. Galimoto yofuna makina oyesera nthawi zambiri imakokedwabe kupita ku Limbe.