Mganda: Nkhondo Imene Makolo Adaisandutsa Gule

Dzinthu zikalowa m'nkhokwe, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka, kudzera kuno ku Chinguluwe mpaka ku Nkhotakota, mumamveka kugunda kwa ng'oma yaikulu ya mganda. Anyamata amandanda m'mizere atatchena malaya oyera, makabudula ndi masokosi aatali, namaponda pansi pamodzi ngati munthu mmodzi. Amayi amalulutira, ana nkumatsanzira kumbali. Koma ndife angati amene timadziwa kuti kapondedwe kameneka kadachokera ku nkhondo imene idameza makolo athu ambirimbiri?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idatipeza kudzera panyanja yathu yomweyi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen idakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, pamene lero pamatchedwa Liuli. Mwezi wotsatira mfuti zidalira ku Karonga. Makolo adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, ndipo mpaka lero chiwaya ndi dzina la mfuti yolavula zipolopolo motsatizana. Chaka chomwecho John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka akukafera mlandu umene sakuudziwa.

Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino adalowa usilikali, ambiri mwa iwo m'gulu la King's African Rifles, limene anthu ankangoti Keyala. Koma ochuluka koposa, pafupifupi 200,000, adatengedwa kukhala atengatenga, m'dziko limene anthu ake onse adangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Mafumu ankakakamizidwa kupereka anthu, ndipo amesinjala a boma ankagwira amuna ngakhale usiku. Atengatenga ankasenza ufa, mpunga ndi zipolopolo, kuyenda pansi miyezi yathunthu m'dziko la Tanganyika ndi la Mozambique. Njala, kamwazi, malungo ndi chibayo zidapha ambiri kuposa mfuti. Kumudzi amayi adatsala okha ndi khasu, minda idachepa, ndipo nkhondo itangotha mu Novembala 1918, mliri wa chimfine udalowa m'nyumba ndi m'nyumba.

Paulendo woterewu nyimbo inali ngati kamba. Wina akatsogolera ena nkupolokezera, miyendo yotopa inkayenda mofanana, ndipo wofooka sankatsalira msanga. M'nyimbo munthu ankatchula kwawo, ankadandaula za njala, ankaseka kapitawo wankhanza m'chinenero chimene mzungu sankachimva. Kumisasa makolo ankadzuka ndi lipenga, nagona ndi lipenga; adaona perete ndi bandi ya asilikali. Adakumananso ndi gule wa beni, amene adayambira m'mizinda ya Mombasa ndi Lamu m'zaka za m'ma 1890 motsanzira mabandi a Azungu.

Opulumuka atabwerera kwawo, ambiri sankakonda kufotokoza zimene maso awo adaona. Zimene pakamwa padalephera kunena, miyendo idanena. Pakati pa Ayao padakhazikika beni, pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay malipenga, ndipo kuno kwa Achewa mganda. Posowa malipenga amkuwa, adatenga zikho, nazibowola, namatapo kachikopa kopyapyala ka kangaude. Umo ndimo mudabadwira badza, limene limanjenjemeretsa mawu a woimba. Gulu lililonse lidatchedwa boma, ndipo linali ndi kingi wake, kaputeni wake, ngakhale dokotala wake.

Apa ndipo pagona nzeru ya makolo athu. Ku nkhondo lamulo linkachokera kwa mlendo, ndipo wophonya phazi ankalandira chikoti. Pabwalo la mganda anthu adadzisankhira okha kingi, wophonya phazi nkungosekedwa. Midzi inkapikisana pa ukhondo, pa kuvina ndi pa kupeka nyimbo, ndipo wogonja ankabwerera kwawo atadya nsima ya wopambana. Chinthu chimene chidawazunza adachiweta, nachisandutsa chosangalatsa ana awo.

Nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, idatenganso ana a anthu omwewo. Keyala idamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Obwerako adapeza mganda uli moyo, ndipo adauwonjezera mayendedwe ndi nyimbo zawo. Motero gule mmodzi wasenza nkhondo ziwiri.

Komabe gule sasunga zonse. Mganda umationetsa msilikali wotchena, koma sutionetsa mtengatenga wa nsanza amene adaikidwa m'mbali mwa njira, pamanda opanda chizindikiro. Chipilala cha ku Zomba chidamangidwa pokumbukira asilikali a Keyala. Mayina a atengatenga ambiri adatsalira m'mitima ya abale awo basi. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri yakale Melvin Page adayenda m'midzi kufunsa okalamba amene adaiona nkhondo yoyamba, ndipo mawu awo ali m'buku lake la The Chiwaya War. Onsewo adatsikira kuli chete, ndipo a nkhondo yachiwiri nawo atsala owerengeka.

Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. M'mabanja mwathu mukadali agogo amene adamva nkhanizi kwa atate awo enieni. Tiwafunse: ndani wa mtundu wathu adatengedwa? Adapita kuti? Adabwerako kodi? Nanga amayi amene adatsala adalera bwanji ana? Tilembe mayinawo, ngakhale kuseri kwa buku la mapemphero, ndipo mwezi wa Novembala, pokumbukira akufa athu, tiwatchule mmodzimmodzi. Mwana amene tikumphunzitsa kuomba badza timuuzenso dzina la gogo wake amene adasenza katundu mpaka ku Tanganyika, kuti akamaponda pabwalo azidziwa mwini wa phazi limene akutsata.