Kodi Asilikari a ku France Ngamantha?

Ambiri pakumva kuti dziko la France linagwa m'manja mwa Ajeremani m'masabata 6 okha m'caka ca 1940, amati asilikari ace ngamantha. Koma mlandu suweruzidwa pakumva mboni imodzi. Tiyeni timve zinanso.

Mboni yoyamba ndiyo Verdun. Kumeneko, kuyambira February kufikira December 1916, anyamata a ku France anapirira moto wa mizinga usana ndi usiku, ndipo mudziwo sunalandidwe. Kazembe wao Pétain anasinthanitsa magulu, kuti olema apumule asanalefukiretu. Koma m'caka ca 1917 kazembe wina, Nivelle, anawalonjeza kuti adzathyola linga la adani m'masiku awiri, nawaponya pakamwa pa mfuti ku Chemin des Dames. Anafa ambirimbiri wopanda phindu, kotero kuti magulu ambiri anakana kukaputanso adani. Pétain atalowa m'malo mwace, anawapatsa cakudya cabwino ndi masiku akukaceza kwao, ndipo mitima yao inalimbanso. Anthu anali omwewo. Wosinthika anali wowatsogolera.

Nanga m'caka ca 1940 cinalakwika nciani? Mkuru wa nkhondo, Gamelin, anakhala ku Vincennes, kutari ndi pomenyanira, ndipo malamulo ace anafika mocedwa. Magulu ace amphamvu anawatumiza ku Belgium, pamene Ajeremani anadzera m'nkhalango ya Ardennes, naoloka mtsinje wa Meuse pa Sedan tsiku la 13 May. Ngakhale zinatero, asilikari ozingidwa m'mudzi wa Lille anacirimika kufikira 31 May, nacedwetsa adani pamene Angerezi anali kukwera zombo ku Dunkirk. Amene anapempha adani kuti nkhondo ileke ndiye Pétain yemwe uja, atakalamba. Pambuyo pace anagwirizana nao.

Mboni yotsiriza iri m'cipululu ca Libya. Pa Bir Hakeim, m'caka ca 1942, amuna ngati 3,700 pansi pa Koenig anatsekereza ankhondo a Rommel masabata awiri, natuluka usiku madzi ndi zipolopolo zitawacepera.

Makolo athu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Citsulo cingakhale cakuthwa cotani, mpini ukafumbwa mtengo sugwa. Cifukwa cace tisafulumire kunyoza msilikari wogonja tisanafunse amene anamtuma, ndi kumene anamuimika. Ndipo yense wopatsidwa anthu kuti awatsogolere akumbukire kuti manyazi a kulakwa kwace amagwera iwo amene anamumvera.