Mawaya a Makompyuta M'maofesi a ku Lilongwe

Lilongwe itakhala likulu la dziko mu 1975, maofesi a ku Capital Hill ndi ku City Centre anali omangidwa moganizira taipilaita, telefoni ndi mesenjala wonyamula mafayilo, kotero kuti makompyuta atayamba kufika, iliyonse inkagwira ntchito payokha ndipo kalata ankaisamutsa pa diski. Luso la Ethernet, lomwe ndi njira yolumikizira makina oyandikana ndi waya, linatulukiridwa ndi Robert Metcalfe ndi anzake ku kampani ya Xerox mu 1973, ndipo pofika 1995 linkatha kutumiza mamegabiti 100 pa sekondi. Kompyuta iliyonse imakhala ndi waya wake wopita ku kabokosi kotchedwa switch, komwe kamapereka uthenga kwa mwini wake yekha, koma waya wa kopa supitirira mamita 100.

Malire amenewa sagwirizana ndi mamangidwe a mzindawu, womwe unayalidwa motalikirana, Old Town kwina, City Centre kwina, tchire pakati. Kulumikiza zipinda za nyumba imodzi kunali kosavuta, ngakhale m'nyumba zogona za ku Area 10 ndi Area 43 zomwe mabungwe anazisandutsa maofesi, pomwe kulumikiza maunduna kunafunika netiweki ya boma yotchedwa GWAN ndi mawaya a faiba, otumiza uthenga ndi kuwala. Ndondomeko yoyendetsera ndalama za boma ya IFMIS inadalira kulumikizana kumeneku, ndipo nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya 2013, yotchedwa Cashgate, inaonetsa kuti netiweki yotsekedwa kwa akunja siteteza chuma kwa omwe ali m'kati.

Ntchito ya netiweki yoyenera kukumbukiridwa kwambiri inayambira ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central, komwe mu 2001 Gerry Douglas ndi gulu lomwe linadzakhala Baobab Health Trust anaika makompyuta ongodina pagalasi olembera odwala. Pozindikira kuti mdani wamkulu ndi kuthimathima kwa magetsi, iwo anakonza zoti waya womwewo wa netiweki uzinyamulanso mphamvu yochokera ku mabatire, kotero kuti magetsi akazima, kalaliki ankapitiriza kulemba ndipo mzere wa odwala unkayendabe. Njira imeneyi inafalikira ku zipatala zambiri zopereka mankhwala otalikitsa moyo m'Malawi.