Mafunso ndi Mayankho: Za Nthiti ya Adamu ndi Mnyamata Wakuba Mafupa

FUNSO: Akuluakulu ena kwathu kuno amati nthiti za mwamuna n'zoperewera imodzi poyerekeza ndi za mkazi, popeza ina inachotsedwa mwa Adamu. Kodi n'zoona, nanga anayamba kuziwerenga ndani? Ndine mphunzitsi wa Sande Sukulu, ku Ntcheu.

YANKHO: Aphunzitsi, pepani kwa akuluakuluwo, koma nkhaniyo njabodza. Mwamuna ali ndi nthiti 24, mkazinso 24, ndiko kuti 12 kumanja ndi 12 kumanzere. Alipo anthu owerengeka obadwa ndi kanthiti koonjezera m'munsi mwa khosi, koma zimenezi zimagwera amuna ndi akazi omwe. Buku la Genesis, limene ena amalisenzetsa mtolo umenewu, likamba za munthu mmodzi yekha, ndipo silinena paliponse kuti ana ake aamuna adzabadwa operewera; pakuti ngakhale lero lino bambo amene chala chake chinaduka ndi nkhwangwa sabereka mwana wa zala zisanu ndi zinayi. Chimene chimandidabwitsa ine nchakuti ife, amene timasenda mbuzi pa maliro ndi pa ukwati pomwe, sitinaonepo tonde woperewera nthiti, koma za thupi lathu tikhulupirira zongomva.

Za amene anayamba kuwerenga, chaka chake chinatayika. Ku Alexandria, m'dziko la Egypt, zaka ngati 300 Ambuye asanabadwe, kunali sing'anga dzina lake Herophilus amene ankatumbula mitembo ya anthu, koma mabuku ake anasowa. Amene anatsala m'manja mwa ophunzira ndi a Galen wa ku Pergamon, wobadwa m'chaka cha 129, munthu wanzeru zakuya, amene mwambo wa Aroma sunamlole kutumbula anthu, kotero kuti zambiri anaziona mwa anyani, nkhumba ndi ng'ombe. Mwa ichi analemba kuti nsagwada ya m'munsi ndi mafupa awiri, ndi kuti fupa la pachifuwa lili ndi zigawo zisanu ndi ziwiri. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera zaka zoposa 1,300, aphunzitsi a m'masukulu aakulu a ku Ulaya akuwawerenga mokweza ali pampando wautali, pamene wantchito ankacheka mtembo pansipo, wopanda wina wotsika kukayerekeza buku ndi fupa.

Tsono ndiloleni ndikambe za munthu amene ndimamkonda kuposa onse m'mbiri imeneyi, Andreas Vesalius, wobadwira ku Brussels m'chaka cha 1514. Ali pasukulu ku Paris, mnyamatayu ankatha masiku ali kumanda akale kumene mafupa anali mbwee, akuwagwiragwira ndi kuwatembenuza, kufikira anayamba kubetcherana ndi anzake kuti atha kutchula fupa lililonse ali chitsinzinire, pongolikhudza ndi zala. Nkhondo itamthamangitsa ku Paris m'chaka cha 1536, anabwerera ku Louvain, ndipo tsiku lina akuyenda kunja kwa mudziwo pamodzi ndi bwenzi lake Gemma Frisius, anaona pamtengo wopachikapo zigawenga mtembo wouma umene mbalame zinali zitaudya mnofu, mafupa ali chilumikizire ndi mitsempha yake. Munthu wina aliyense akadalambalala nafulumira kunyumba. Koma iyeyu, mothandizidwa ndi mnzakeyo, anakwera mtengowo, nazula fupa la ntchafu, kenako mikono, napita nazo kwawo mobisa. Chifuwa chinakanika chifukwa chinali chomangidwa ndi unyolo pamwamba, ndipo pofuna kuti chisamphonye, anachita dala kuchedwa madzulo kuti alonda atseke zipata za linga iye ali kunja, nakwera yekhayekha usiku pakati pa mitembo ya anthu onyongedwa, nachimasula, nachibisa patali, mawa lake n'kumachilowetsa pang'onopang'ono kudzera pa chipata china. Atalumikiza zonse, ankauza anthu kuti mafupawo anachokera nawo ku Paris. Sindikuyamikira kuba kapena kunama, ndipo makolo athu akadamutcha mfiti tsiku lomwelo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikayika ngati pali wina m'nthawi imeneyo amene anadziwa nthiti za munthu monga anazidziwira uyu, amene anazinyamula m'manja mumdima.

M'chaka cha 1537 anampatsa udindo wophunzitsa ku Padua, m'dziko la Italy, ndipo kumeneko anatsika pampando wautali uja namagwira yekha mpeni. Buku lake lalikulu la zithunzi, De humani corporis fabrica, linasindikizidwa ku Basel mu 1543. M'menemo anaonetsa kuti nsagwada ya m'munsi ndi fupa limodzi, kuti fupa la pachifuwa lili ndi zigawo zitatu, ndi kuti chikhulupiriro cha anthu wamba chakuti amuna aperewera nthiti n'chopanda maziko. Mphunzitsi wake wakale, Jacobus Sylvius, anapsa mtima namutcha wamisala, nafika ponena kuti Galen sanaphonye, koma kuti matupi a anthu ndiwo anasintha m'kupita kwa zaka. Anthu a mtima wotere sanathe, ndipo ena a iwo amakhala m'makomiti athu. M'chaka cha 1543 chomwecho, ali ku Basel, Vesalius anatumbula pamaso pa anthu mtembo wa Jakob Karrer, chigawenga chodulidwa mutu mwa lamulo, nalumikiza mafupa ake, nawapereka ku yunivesite ya mumzindawo, kumene akusungidwa kufikira lero. Vesalius mwiniwake anafera pachilumba cha Zakynthos mu 1564, akubwerera kuchokera ku Yerusalemu.

Ntchito ya nthiti njosavuta kuifotokoza. Zonse zimayambira ku msana. Zisanu ndi ziwiri za pamwamba mbali iliyonse zimafika pa fupa la pachifuwa mwa chicherewechere chawochawo, zitatu zotsatira zimatsamira pa zinzake, ndipo ziwiri za pansi zimangolekeza m'mnofu. Zimatchinjiriza mtima ndi mapapo, zimakwera ndi kutsika ngati mvukuto wa wosula kuti mpweya ulowe ndi kutuluka, ndipo m'kati mwake muli mafuta ofiira a m'mafupa amene amapanga magazi moyo wonse wa munthu. Chinanso chimene madokotala a opaleshoni amachidziwa nchakuti akadula chigawo cha nthiti kuti akakonzere nkhope kapena nsagwada, nasiya kachikopa kopyapyala kamene kamakuta fupalo, nthitiyo nthawi zambiri imameranso, makamaka mwa ana. Alaliki asathamangire nazo ku guwa zimenezi, pakuti kumeraku sikutsutsa kapena kutsimikiza lemba lililonse.

Ndipo popeza takamba za nthiti, wina akathyoka nthiti kwanuko, kaya pogwa panjinga kaya pogundidwa ndi ng'ombe, musamukulunge chifuwa ndi nsalu zothina monga ankachitira kale, chifukwa munthu wopuma mosakwanira sachedwa kugwidwa chibayo. Mutengereni kuchipatala akamuone ngati mapapo sanavulale. Fupalo limalumikizana lokha pa masabata ngati asanu ndi limodzi.