Kuchokera pa mgolo wa Nkoloso mpaka pa droni ya ku Kasungu

Ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi njinga ndiyo imasenza mudzi. Imanyamula matumba a chimanga, makala, mbuzi, ngakhale wodwala wopita ku chipatala cha St Francis. Pamisika yake sipasowa wokonza njinga ndi wowotcherera zitsulo, ndipo chapafupi pamakhala mwana akupinda mawaya kuti atulutse galimoto kapena ndege ya mapiko a chitini. Ambiri mwa amisiri amenewa sadziwa kuti ndege yoyamba ya injini inatuluka m'manja mwa anzawo a ntchito yomweyi.

Wilbur ndi Orville Wright anali ndi shopu ya njinga ku Dayton, ku America. Pa 17 Disembala 1903, pafupi ndi Kitty Hawk, ndege yawo inauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Injini anawapangira ndi makaniko wa m'shopu momwemo, Charlie Taylor, ndipo mapulopela ankazungulira ndi matcheni onga a njinga. Chimene chinawasiyanitsa ndi ena ambiri chinachitika mu 1901. Ataona kuti mapiko awo sakunyamula monga masamu a m'mabuku ankanenera, anakhoma bokosi lalitali lopemereramo mphepo, n'kuyesamo timapiko pafupifupi 200, akulemba zotsatira zake.

Chilakolako chopanga ndege pakhomo chinafala. Mu 1934, Henri Mignet wa ku France anatulutsa buku lophunzitsa munthu wamba kukhoma kandege kamatabwa kotchedwa Pou-du-Ciel. Anthu ambiri anakhoma, koma pofika 1936 ena anali atafa nako, chifukwa kakaweramira kwambiri pansi sikunkathekanso kukadzutsa. Akatswiri atakayesa anapeza vuto, n'kusintha kamangidwe kake. Mu 1953, Paul Poberezny ndi anzake anayambitsa bungwe la Experimental Aircraft Association, ndipo mpaka lero mamembala ake amaphunzitsana ndi kuyenderana ndege isanapite kukayesedwa.

Kuno kwathu ku Zambia, dzina loyamba pa mbiriyi ndi la Edward Makuka Nkoloso, msilikali wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amene anadzakhala mphunzitsi komanso womenyera ufulu. Mu 1960 anakhazikitsa sukulu yake ya sayansi ndi zamumlengalenga, ndipo ankaphunzitsira achinyamata pa famu ina kunja kwa Lusaka. Ankawalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pamtsetse, kapena kuwakweza pa katungwe, kuti azolowere chizungulire cha ulendo wa kumwamba. Roketi yake ya aluminiyamu ndi mkuwa anaitcha D-Kalu 1, ndipo ankafuna kuti inyamuke pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu wa Zambia. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO, koma ndalamazo sizinabwere. Manyuzipepala akunja anamuseka. Komabe pa nthawi imene Zambia inali ndi anthu a digiri pafupifupi 100 okha, Nkoloso analimba mtima kunena poyera kuti mwana wa mu Afrika naye angafike kumwezi. Anamwalira mu 1989, ndipo mu 2014 nkhani yake inatuluka mu filimu yotchedwa Afronauts.

Kutsidya kwa malire ku Malawi, pakati pa Achewa anzathu amene timakumana nawo ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, mbiriyi inapitirira. Mu 2002, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anapanga makina amphepo otulutsa magetsi. Anagwiritsa ntchito fulemu ya njinga, dayinamo, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, ndipo nzeru yake anaitenga m'buku la sayansi la mulaibulale yaing'ono. Anthu ankati wapenga, mpaka babu linayaka.

Mu 2016 kunamveka dzina la Felix Kambwiri, telala amene anasanduka wowotcherera zitsulo m'mudzi wa Gobede, kumpoto kwa Lilongwe. Iye anakhoma helikoputa ya munthu mmodzi kuchokera ku zitsulo zotha ntchito, n'kuikamo injini ya njinga yamoto ya 125cc. Mapiko ake ankazungulira ndithu, ndipo anthu ankachokera kutali kudzaona, koma apolisi anamuletsa kuiyesa m'mwamba akuluakulu oona za ndege asanaiyendere.

Chiletsocho chinali ndi chifukwa. Injini ya 125cc ili ndi mphamvu yofanana pang'ono ndi ya abale a Wright, ya akavalo 12. Ndege yawo inatheka chifukwa inali yopepuka, yamatabwa ndi nsalu, ndipo mapiko ake otalika mamita 12 ankalandira mphepo ikamathamanga. Helikoputa imadzinyamula kuchokera pamalo amodzi, choncho imafuna mphamvu yoposa pamenepo kangapo. Mapiko ake akasiyana kulemera ngakhale pang'ono, thupi lonse limanjenjemera mpaka mowotcherera kung'aluka. Luso la manja Kambwiri anali nalo. Chimene chinasowa ndi sikelo, masamu ndi katswiri woima pambali pake.

Zinthu zitatuzi zinakumana ku Kasungu mu 2017. Mu Juni chaka chimenecho, boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako madroni, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la m'tauniyo. Chakumapeto kwa chakacho, ophunzira a ku Malawi, motsogozedwa ndi aphunzitsi a yunivesite ya Virginia Tech, anapanga okha timadroni totchedwa EcoSoar ndi zipangizo zopepuka, zotsika mtengo. Kamodzi kanauluka kokha makilomita 19 katanyamula kaphukusi koyerekezera zachipatala. Mtsogoleri wawo, Kevin Kochersberger, ndi yemwe mu 2003 anayendetsa ndege yopangidwa motengera ija ya abale a Wright. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata a maiko osiyanasiyana a mu Afrika amaphunzira kupanga madroni, kuwaulutsa ndi kuwerenga zithunzi zake.

Njira imeneyi ndi yotheka kwa mwana wa ku Sinda kapena ku Vubwi. Kandege kopanda munthu kakagwa, sipakhala maliro. Mwini wake amatola zidutswa, n'kupeza cholakwika, n'kuyambiranso. Ntchito yake iliponso, monga kujambula minda imene yagwidwa ndi mbozi kapena kuwolotsa magazi okapimidwa milatho ikakokoloka m'dzinja. Makalabu a sayansi a JETS, amene akhala m'sukulu za Zambia kuyambira m'ma 1960, ndiwo poyambira.

Tsono aphunzitsi a sayansi ku Chassa, ku Katete ndi m'sukulu zina, itanani owotcherera ndi okonza njinga ku makalabu anu kuti luso lawo likumane ndi masamu anu. Inu opanga, chilichonse chouluka chisanyamuke musanafunse a Civil Aviation Authority. Ndipo inu makolo ndi mafumu, mukaona mwana akutolera mawaya ndi mabatire otha, musamutche wamisala. Mupezereni buku, ndipo mumuperekeze kwa mphunzitsi.